Tinapita ndi agogo ku National Botanic Garden: ndemanga yanga

Loweruka lapitali, chapakati pa September, ndinatenga agogo anga aamuna kupita nawo ku National Botanic Garden, munda wa zomera umene uli ku Alexandra Park mumzinda wa Harare, ku Zimbabwe. Ine ndinabadwira ku Mufakose ndipo zaka 30 ndinazidutsa kale, koma kumaloku ndinali ndisanapondeko, chonsecho ndi makilomita 4 okha kuchokera pakati pa tauni. Anayambitsa nkhaniyi ndi agogowo. Iwo anachoka ku Ntcheu mu 1958, nthawi ya Chitaganya, mzinda uno ukadali Salisbury, ndipo moyo wawo wonse akhala akugwira ntchito ya m'mayadi ku Avondale ndi Mount Pleasant. Mundawu ankangoudutsa kunja panjinga popita kuntchito.

Ndiyambe ndi chenjezo, chifukwa ife tinataya nazo ola lathunthu. Titatsika kombi m'tauni tinakwera takisi, ine n'kunena kuti "ku Botanic Garden". Dalaivala anangogwedeza mutu ngati wamva, n'kukatitula ku Harare Gardens, paki ija ya pafupi ndi hotela ya Monomotapa. Awa ndi malo awiri osiyana. Mukamakwera nenani momveka kuti Alexandra Park, ku Fifth Street Extension, apo ayi mulipira kawiri ngati ine.

Pageti tinalipira kandalama kochepa, kosafika n'komwe mtengo wa nkhomaliro ya munthu mmodzi m'tauni. Mukangolowa phokoso la magalimoto limayamba kuzilala. Malowa ndi aakulu, mahekitala opitirira 50, ndipo ndi akale: anawapatula mu 1902 kuti anthu azikapumulirako, kenaka mu 1962 ndi pamene anawasandutsa munda wa dziko lonse wosungiramo zomera, motsogozedwa ndi Pulofesa Hiram Wild. Amene amayembekezera maluwa odulidwa bwinobwino m'mizere ngati a pa ukwati akhumudwa. Kuno ndi kwa mitengo. Pafupifupi theka la munda lili ndi mitengo yachilengedwe ya Zimbabwe, yambiri mwa mitundu pafupifupi 750 imene imapezeka m'dziko muno, ndipo anaibzala motsatira kumene imachokera: ya kumtunda kuno payokha, ya kuchigwa kotentha payokha, ya kunkhalango zamvula za kummawa payokhanso. Mbali ina kuli yochokera ku South America, India ndi Australia, koma kumeneko tinangodutsa.

Mwezi tinasankha bwino mosadziwa. Mitengo ya misasa inali itangophuka masamba atsopano, ofiira ena ngati dothi la katondo, ena ngati chiwindi, ena akuyamba kumene kubiriwira. Udzu wonse unali wouma, fumbi lili koboo, koma mukayang'ana m'mwamba mumaona ngati mitengo yayaka.

Pa zikwangwani zing'onozing'ono za pamitengo pamalembedwa mayina a Chilatini. Ine ndinkawerenga movutikira, agogo osayang'anako n'komwe. Tinafika pa mtengo wina wopanda tsamba ndi limodzi lomwe, utangolendewera zikhokhombe zozungulira zokhala ndi timinga pakati. Ndikulimbana ndi "Pterocarpus angolensis", agogo anaugunda ndi ndodo yawo.

"Iwe mkazi wanga, ukuvutikiranji? Uwu ndi mlombwa."

Amanditchula choncho kuyambira ndili wakhanda, mwa chizolowezi cha agogo ndi mdzukulu.

"Agogo, si mukwa uwu? Kusukulu tinkati mukwa."

"Ndi womwewo. Anzathu Achishona amautchanso mubvamaropa, chifukwa ukautema umatuluka utomoni wofiira ngati magazi. Chitseko cha nyumba ya bambo anga chinali cha mtengo umenewu. Chiswe chinkangochinunkhiza n'kubwerera."

Kuyambira pamenepo ulendo unasanduka sukulu. Muzhanje umene ndakhala ndikudya zipatso zake chaka chilichonse kuchokera kwa amayi ogulitsa pamsewu ndi msuku, zipatsozo masuku. Matohwe aja tinkatafuna ngati chingamu tili ana ndi matowo. Muhacha ndi muula. Zina mwa izi ndinkazimva kunyumba, koma ndinali ndisanaonepo dzina la Chichewa ndi mtengo wake zitaima pamodzi. Ife obadwira kuno Chichewa chathu ndi cha kukhitchini, kutchalitchi ndi kumaliro. Mayina a mitengo timawadziwa m'Chishona, chifukwa anatiphunzitsa ndi anzathu osewera nawo.

Pansi pa mvunguti ndinafuna kuyala chitenje kuti tipume, poti mthunzi wake unali wabwino. Agogo anakana. Anandilozera zipatso zija zazitali, zolemera, zikulendewera pa zingwe zake, n'kunena kuti chimodzi chikakugwera pamutu, anthu kumudzi sakulira, ayamba aseka kaye. Tinasunthira pa benchi.

Ku mbali ya mitengo ya kuchigwa ndi kumene anaseka mpaka kutsokomola. Anaona mlambe n'kufunsa ngati ndi mwana wake wa mlambe. Ku Balaka ndi ku Mangochi, akuti, mlambe umodzi anthu khumi sangaukumbatire. Koma atatha kuseka anauyamikira. Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, June ndi July kumazizira zedi, ndipo mtengo wozolowera kutentha kwa ku Zambezi kuti ukule kuno pamafunika munthu woudziwa. Iwo monga munthu amene wakhala akupempha mbewu kuti zimere m'dothi la eni kwa zaka zoposa 40, anaona ntchito imene ine sindikanaiona.

Gawo limene ndinalikonda kwambiri ndi la nkhalango yamvula. Mumachoka padzuwa loswa mtengo n'kulowa mumdima wozizira, pansi pali masamba onyowa, fungo lake ngati la m'dimba m'mamawa. Zovuta kukhulupirira kuti nkhalango imeneyi inachita kubzalidwa ndi manja, pamalo pamene kale panali tchire wamba. Agogo anaima nthawi yaitali pa mbawa wina wowongoka, dzanja lili pa khungwa, osayankhula. Sindinawafunse.

M'kati mwa mundawu mulinso National Herbarium, nyumba yosungiramo zomera zouma zomatidwa pamapepala, pafupifupi 500,000. Ife sitinalowemo, ndi malo a ofufuza. Chinandigwira mtima n'choti zomerazi zimathandiza pa ntchito ya Flora Zambesiaca, mabuku ofotokoza zomera za Zimbabwe, Zambia, Mozambique, Botswana ndi Malawi. Nditawauza agogo anati ndiye kuti ngakhale masamba a kwathu anabwera ku Halale kudzafuna ntchito.

Zodandaula zilipo, koma ndi za alendo anzathu. Gulu lina la achinyamata linabwera ndi sipika yaikulu ngati ya pa chinkhoswe, ndipo pochoka linasiya mabotolo ndi mapepala a chipisi pa udzu, bini ili poteropo. Mbalame zimene tinkazimva polowa zinangoti zii. Tinachita kusamuka.

Kwa amene mukufuna kupita ndi munthu wachikulire, dziwani kuti kuyenda kwake n'kwambiri. Ife tinatha maola anayi ndipo sitinamalize ngakhale theka, tikupuma pafupipafupi. Valani nsapato zotseka, osati zoterera ngati zimene ndinavala ine, tengani madzi okwanira ndi kamba wanu. Ife tinatenga mbatata yophika ndi tiyi wa mufulasiki. Fikani m'mawa dzuwa lisanakwere. Ana akhoza kuthamanga mmene angafunire, koma muziwayang'anira pafupi ndi dziwe.

Pa nyenyezi zisanu ndikupereka zinayi ndi theka. Theka lotsalalo ndalisunga mpaka ndidzaone mundawu nthawi ya dzinja utabiriwira.

Potuluka ndinawagwira agogo akulowetsa chikhokhombe cha mlombwa m'thumba la jekete. Ndinawakumbutsa kuti m'munda ngati uno sachotsamo kanthu. Anang'ung'udza kuti chinali chitagwa kale chokha, koma anachibweza pansi, n'kuchikwirira pang'ono ndi nsonga ya ndodo. Akuti tibwererenso mu December masuku akapsa, ndipo ulendo umenewo tidzatenge ana anga awiri ndi kope lolembamo mayina.