WhatsApp, Telegram kapena Signal: gulu la banki mkhonde tiliike pati?

Anzanga a banki mkhonde kuno ku Area 25 akhala akundifunsa kuti gulu lathu la pa WhatsApp tilisamutsire kuti, poti nkhaniyi ndinaiyambitsa ndine. Ndinaiyambitsa chifukwa ndinapsa. Chaka chatha ndinaika pafoni app ina yobwereketsa ndalama. Inapempha kuona manambala onse a m'foni, ine n'kuvomera osawerenga. Nditachedwa kubweza ndi masiku atatu okha, uthenga unafika kwa apongozi anga ndi kwa abusa wonena kuti ndine wakuba. Apongozi anandiimbira ndili m'minibasi, mawu akunjenjemera. Chiyambire tsiku limenelo, app iliyonse ndimaifunsa kuti ikutenga chiyani kwa ine, ndiponso ngati ikunena poyera.

Telegram ndiithetse msanga. Ambiri amaiyesa yachinsinsi, koma mauthenga a m'magulu amasungidwa pa makompyuta a kampaniyo m'njira yoti eni ake akhoza kuwatsegula. Chotsekedwa kuchokera pafoni yanu mpaka ya mnzanu ndi Secret Chat yokha, ya anthu awiri, ndipo muyenera kuiyatsa nokha. Ya gulu kulibe. Kwa ife yagwa pomwepo.

WhatsApp pa kutseka mauthenga ndilibe nayo mlandu, yakhala ikutero kuyambira 2016. Pondivuta ine ndi zotsalazo. Eni ake ndi a Meta, kampani yomwe inkatchedwa Facebook pomwe inaigula mu 2014. Zomwe mwalemba sawerenga, koma nambala yanu, mtundu wa foni, nthawi yomwe mumalowa ndi magulu omwe mulimo amazidziwa, kuphatikizapo manambala a m'foni mukawalola. Zamtundu umenewu ndi zomwe zinandichititsa manyazi ine pa app yobwereketsa ndalama ija, osati mauthenga. Mu 2021 dziko la Ireland linailipiritsa ma euro 225 miliyoni chifukwa chosafotokozera anthu bwinobwino zomwe imachita ndi zinthu zawo. Komanso backup, kope la mauthenga anu losungidwa pa Google Drive, imafunika muitseke nokha mu settings kuti ena asaiwerenge. Pagulu lathu la anthu 18, palibe ndi mmodzi yemwe ankadziwa zimenezi.

Signal ndi ya bungwe losafuna phindu, ndipo mmene anaipangira zili poyera, wodziwa za mapulogalamu akhoza kuziunika. Mu 2016 khoti la ku America litalamula kuti apereke zomwe akusunga za munthu wina, anapezeka ndi ziwiri basi: tsiku lomwe analembetsa ndi tsiku lomaliza kulowa. Kuyambira 2024 mukhoza kubisa nambala yanu n'kumagwiritsa ntchito dzina.

Vuto lake ndi la m'thumba. Bandulo yotchipa ya WhatsApp sigwira pa Signal, ndipo amayi awiri a pagulu lathu mafoni awo ndi odzadza kale, app ina sikwanamo. Ndiye ndawauza kuti zoitanirana misonkhano ndi za maliro zikhalebe pa WhatsApp, koma mndandanda wa amene ali ndi ngongole ndi zithunzi za ziphaso, ife a komiti anayi tizitumizirana pa Signal. Bandulo ya msungichuma ndizigula ine.