Vidiyo sho ya kuseri kwa msika pa Bangula, pitani mukaone ya tsunami ija

Abale inu amene mumadutsa pa Bangula, Loweruka lapitali ndinalowa mu vidiyo sho ina ya kuseri kwa msika, ndimaganiza kuti ndikaonera mpira koma mnyamata wa pakhomo anati achimwene lero tayika ya madzi a ku Japan, lowani simudandaula. Ndipo zoona sindinadandaule.

Zimene amaonetsa ndi za pa 11 Malichi 2011, chivomerezi chachikulu chija chimene chinautsa nyanja nkukokolola matauni a kumpoto chakummawa kwa Japan, anthu oposa 15,000 anafa. Zonse zili mu Chingerezi ndi Chijapani koma mwini wake amaima pambali ndi maiki nkumamasulira, ndipo apa ndi pamene ndampatsa ulemu, samachita nthabwala ngati mmene amachitira pa mafilimu a karate, amalankhula mofatsa ndipo pena amaimitsa kaye kuti anthu afunse.

Chandigwira mtima ine si madziwo ayi, madzi ife tikuwadziwa, 2015 tinawaona, namondwe Ana, Freddy wa 2023 uja mpaka Makhanga kusanduka chilumba. Ndi zimene zinachitika madzi ataphwa. Asilikali a ku America pafupifupi 24,000 anabwera ndi sitima zapamadzi ndi mahelikopita, ntchitoyo anaitcha Operation Tomodachi, ndipo Tomodachi pa Chijapani ndiye kuti bwenzi. Pa bwalo la ndege la Sendai panali matope ndi magalimoto ounjikana ngati zinyalala, anyamata aja pamodzi ndi eni dziko nkumachotsa, mpaka pa 13 Epulo ndege za anthu zinayambanso kutera. Tangoganizani, awa ndi anthu oti mu 1945 anaponyerana nkhondo mpaka mabomba a Hiroshima ndi Nagasaki, koma nawonso a Japan mu 2005 anatumiza thandizo ku America itagwa mphepo ya Katrina.

Pafupi nane panakhala agogo ena aakazi atafunda chitenje kumutu, pamene sikirini inaonetsa msilikali atagwira fosholo akukokolola matope mu sukulu, anangoti mwanawanga, uyu ndiye mnansi, osati wongojambula nkumapita. Ine misozi inalengeza chifukwa ndinakumbuka bambo wa bwato amene anatiolotsa usiku nthawi ya Freddy osafunsa ndalama, kenako nkubweranso patatha sabata ndi khasu kudzatithandiza kufukula ziwiya.

Zofunika kukonza zilipo ndithu. Mkatimo mukutentha koopsa, malata ali pafupi ndi mutu ndipo windo ndi limodzi lokha, ndiye kutentha kwa kuno mukukudziwa, pofika pakati malaya anali atanyowa. Jenereta inazima kawiri, sipika imodzi ikulira ngati yang'ambika, mabenchi akumbuyo ndi ogwedera. Koma chachikulu, achimwene eni malo, ana ang'onoang'ono musamawalowetse pa imeneyi chonde, kamtsikana kena kanatuluka kakulira pamene madzi amakwera pa nyumba, ana athuwa zomwezi anaziona ndi maso.

Mtengo wolowera ndi womwewo wa mpira. Akuti aibwerezanso Loweruka likubwerali madzulo dzuwa likapepa, tengani botolo la madzi ndipo mukhale kutsogolo kumanzere kumene sipika yabwino ili. Ine ndikubweranso, ulendo uno ndiwatenga amalume.