Miyezi 14 ndikumwa carbimazole: mmene zandiyendera

Ine ndinkati vuto ndi msana. Ndikanjuta, podzuka ndinkachita kugwira khoma, ntchafu zili lefulefu. Adokotala atandigogoda pabondo ndi kanyundo kawo, mwendo unadumpha mopitirira. Anati uthenga wa kugogodako umadutsa m'mitsempha ya chakumunsi kwa msana yotchedwa L3 ndi L4, kulowa mumtsempha waukulu wa mkati mwa fupa la msana, n'kubwerera usanafike kuubongo, ndiye njirayo inali yabwinobwino. Kenako anandiuza kuti nditambasule manja, n'kuika pepala pamwamba. Pepalalo linkangonjenjemera. Magazi anaonetsa kuti TSH (homoni yolamula chithokomiro) yatsikiratu pomwe T4 (homoni yopangidwa ndi chithokomirocho) yakwera: chithokomiro chinkatulutsa mahomoni ochuluka, matenda a Graves.

Anandiyambitsa mankhwala a carbimazole, 30 mg patsiku. Masabata atatu oyamba ndinatsala pang'ono kuwasiya, poti palibe chinkasintha. Thukuta lomwe lija, kusowa tulo komwe kuja. Nkhani yake ndi yoti carbimazole amaletsa chithokomiro kupanga mahomoni atsopano, koma amene chinasunga kale amayenera kutha kaye. Amene anandipepuza masiku amenewo ndi propranolol, amene anakhazika pansi mtima womwe unkagunda ka 118 pamphindi ndili chikhalire. Pofika sabata yachisanu ndi chimodzi ndinagona usiku wonse, ndipo m'mawa ndinamanga mabatani a malaya popanda kulimbana nawo.

Chimene sindikondera carbimazole ndi kuyezetsa magazi pafupipafupi, ndiponso kuti mlingo suukhazikika msanga. Mwezi wachinayi anapitirira mphamvu: ndinkazizidwa anzanga akudandaula kutentha, thupi lolemera, mutu wosagwira zinthu. Atatsitsa kufika pa 10 mg zinabwerera m'chimake, ndipo pano ndili pa 5 mg. Makilogalamu 9 amene ndinataya anabwerera onse, n'kubwera ndi anzawo awiri.

Chenjezo la pakhosi musalitenge mwachibwana. Mwa apo ndi apo mankhwalawa amagwetsa maselo oyera a m'magazi, makamaka miyezi yoyambirira. Kukhosi kukayamba kuwawa, thupi likatentha kapena m'kamwa mukatuluka zilonda, mumasiya kumwa n'kukayezetsa tsiku lomwelo. Zinandichitikira kamodzi, mwezi wachiwiri. Chinali chimfine wamba, koma maola amene ndinkadikira zotsatira ndinawamva kutalika. Amayi amene akufuna pakati auziretu adokotala, chifukwa miyezi itatu yoyamba ya mimba nthawi zambiri amawasinthira ku mankhwala ena otchedwa propylthiouracil.

Ndingawasankhenso? Eya. Njira zina zochizira, opaleshoni yochotsa chithokomiro ndi ayodini wa radiyeshoni, nthawi zambiri zimamusiya munthu akumwa levothyroxine, mankhwala olowa m'malo mwa mahomoni a chithokomiro, moyo wake wonse, ndipo ine ndinafuna kuyamba ndapatsa mpata chithokomiro changa. Koma sindikudzinamiza kuti ndachira. Mankhwalawa amamwedwa miyezi 12 mpaka 18, ndipo mwa anthu amene amasiya, pafupifupi theka matendawa amawabwerera. Ndatsala ndi miyezi inayi. Tagwirizana kuti ndisanasiye ayeze kaye ma antibodi a TRAb, omwe amayambitsa matenda a Graves, ndipo akapezeka akadali okwera, tikhala pansi n'kukambirana za ayodini uja.