Wa mapenate: alowe pa mphindi 119 kapena amenye amene atuluka kale thukuta?

Chikho cha Africa chikafika pa ndime ya wagonja watuluka, mkangano womwewu umabwerera m'malo oonera mpira ku Mbare, Highfield ndi Mufakose mu mzinda wa Harare. Ena amafuna kochi asunge katswiri wa mapenate pa benchi mpaka kumapeto, ena amati amenye omwe ali kale m'bwalo. Lamulo ndi loti amene ali m'bwalo wezulo yomaliza ikalira ndi okhawo omenya, choncho kochi ayenera kusankha nthawi isanathe.

Kulowetsa womenya watsopano kuli ndi ubwino wake: miyendo ilibe kutopa, pomwe anzake athamanga mphindi 120 ndipo ena akukokeka minofu. Vuto ndi loti mpira woyamba kuukhudza ndi womwewo wa pa mamita 11, thupi lisanatenthe. England inachita zimenezi mu fainolo ya Euro ku Wembley mu 2021. Gareth Southgate analowetsa Marcus Rashford ndi Jadon Sancho masewero akutha. Rashford anamenya chitsulo, ya Sancho anaigwira goloboyi Donnarumma, Italy n'kupambana 3-2. Spain nayo mu 2022 inalowetsa Pablo Sarabia kutatsala mphindi ziwiri ikusewera ndi Morocco, iye n'kumenyanso chitsulo. Okonda njirayi amatchula Paulo Dybala wa Argentina, amene analowa kumapeto kwa fainolo ya Chikho cha Dziko Lonse ku Qatar mu 2022 n'kugoletsa, ndipo sakunama. Komabe ngati kochi wamukhulupirira munthu, amulowetse kutatsala mphindi 10 kapena 15 kuti aukhudzeko mpira kangapo.

Kusintha goloboyi ndi nkhani ina, ndipo apa ndikuona kuti phindu lilipo. Goloboyi akalephera kugwira palibe womuloza chala, ndiye salowa ndi katundu pamutu. Louis van Gaal anachotsa Jasper Cillessen n'kuika Tim Krul pamene Netherlands inkalimbana ndi Costa Rica mu 2014. Krul, wamtali kuposa mnzakeyo, anagwira awiri. Koma njirayi imadya mpata umodzi wosinthira osewera. Pamasewero otsatira ndi Argentina, Van Gaal anali atasintha kale atatu onse omwe ankaloledwa nthawiyo, Krul anakhala pa benchi, Cillessen sanagwire ndi imodzi yomwe. Lero amalola asanu ndi wina mmodzi mu mphindi zoonjezera, ndiye mpata ulipo. Ngati muli ndi goloboyi ngati Ronwen Williams wa South Africa, amene anagwira anayi a Cape Verde mu 2024, zosinthazo ziiwaleni.

Tsono katswiri wa timu amenye woyamba kapena wachisanu? Apa ndi pomwe anthu amakwezerana mawu mpaka wogulitsa kuchepetsa wailesi. Omuika pachisanu amati ndi pomwe pamafunika mtima wachitsulo, ndipo Sadio Mané wa Senegal anatsekadi pamenepo mu fainolo ya Chikho cha Africa ku Yaoundé mu February 2022, ngakhale anali ataphonya ina chigawo choyamba. Koma taonani mbali inayo usiku womwewo. Egypt inkamenya yachiwiri, anyamata awiri anaphonya, Senegal n'kutseka 4-2 Mohamed Salah asanaukhudze mpira. Cristiano Ronaldo zinamuchitikiranso chimodzimodzi ndi Spain mu 2012, Portugal ikumenyanso yachiwiri.

Masamu ake ndi osavuta. Timu yomenya yachiwiri ikatsalira ndi chigoli chimodzi pakutha pa ulendo wachinayi, anzawo akangogoletsa yachisanu zatha. Choncho kaputeni akaluza ndalama yomwe oyimbira amaponya n'kupatsidwa kumenya pambuyo, katswiri akwere pa nambala 1, 3 kapena 4. Timu yoyamba kumenya ingamusiye pachisanu mosadandaula kwambiri.

Chomwe mbali zonse ziwiri zimaiwala ndi mndandanda wa kuyambira nambala 6 kupita mmunsi. Zambia inatenga chikho ku Libreville mu 2012 pa 8-7, yotsekera inamenyedwa ndi wotchinga kumbuyo Stoppila Sunzu, goloboyi Kennedy Mweene atagoletsa kale yake. Mu 2015 Ivory Coast ndi Ghana anafika mpaka pa magoloboyi, Boubacar Barry wa Ivory Coast n'kugwira ya mnzake, kenako kugoletsa yake, 9-8. Kochi amene walemba maina asanu okha pa pepala amakapezeka akufunsa pakati pa bwalo kuti akufuna ndani, anyamata ali zyoli kuyang'ana nsapato.