VGM, SPC kapena FLAC: nyimbo za magemu akale tizisunge motani?

Nyimbo ya gemu ya Mega Drive, makina a magemu a Sega, imasungika m'njira ziwiri. Mutha kujambula mawu otuluka m'makinawo n'kuwasunga mu FLAC, fomati yopanikiza mawu osataya kanthu, kapena kulemba malamulo onse amene gemu imatumiza ku ma chip oimba, YM2612 ndi SN76489, n'kukhala ndi fayilo ya VGM. Malo a pa intaneti osungirako nyimbozi salandira zofanana, choncho sankhani musanayambe ntchito.

VGM ndi yopepuka. Ikapanikizidwa kukhala VGZ, nyimbo yopanda ng'oma zojambulidwa imangotenga makilobayiti ochepa, pomwe mphindi imodzi ya WAV (mawu osapanikizidwa) pa mlingo wa CD imadya mamegabayiti 10, FLAC n'kuchotsapo pafupifupi theka. Ubwino waukulu wa VGM ndi wakuti imasunga pamene nyimbo imabwerera, moti womvera amasankha yekha kuti izungulire kangati. Ntchito yovuta ili pomwepo. Mukalakwitsa malowo ngakhale pang'ono, nyimbo imadumpha ikamazungulira, ndipo khutu limagwira msanga. Pulogalamu ya vgmlpfnd imapeza malo oyenera, vgm_trim imadula, vgm_cmp imachotsa malamulo obwerezabwereza. Yambani mwadula, kupanikiza kubwere pambuyo. Ku VGMRips, webusaiti yosungira ma VGM, amafuna paketi yathunthu: mafayilo okhala ndi ma tag a GD3 (mayina ndi zina zolembedwa m'fayilomo), mndandanda wa nyimbo wa m3u, chithunzi cha PNG cha sikirini yoyamba, ndi fayilo ya txt yonena dzina la gemu, wopeka nyimbo ndi kutalika kwa iliyonse. Amamvetseradi asanalandire, ndipo kaphokoso kamodzi ka kulumpha kapena kuwombera kakalowa m'nyimbo akuuzani mukonze. Gemu ikakhala ndi gawo loyesera mawu, jambulirani mmenemo.

Onaninso dziko la gemuyo. Makina a ku Japan ndi America amayenda pa 60 Hz, a ku Ulaya pa 50 Hz, ndipo magemu ambiri amaimba mochedwa pa 50. Lembani zimene mwagwiritsa ntchito.

Pa Super Nintendo njira ndi ina. Fayilo ya SPC ndi chithunzithunzi cha memori ya makilobayiti 64 ya SPC700, chip yoyendetsa mawu, pa kamphindi kamene nyimbo ikuyamba, n'chifukwa chake ma SPC onse amalemera pafupifupi chimodzimodzi, mabayiti 66,048 musanawonjezere ma tag ena. Fayilo imodzi, nyimbo imodzi. Mukachedwa kuitenga, noti yoyamba yapita basi. Imalepheranso pa magemu amene amapitiriza kutumiza mawu ku chip nyimbo ili mkati, monga nyimbo yoimbidwa ndi munthu yotsegulira Tales of Phantasia. Pamenepo pamafunika SNSF, fomati yosunga kodi ya gemuyo yoimbira nyimbo. Ndipo popeza SPC sidziwa pothera, kutalika muyenera kulemba nokha mu tag ya ID666.

NSF ya NES, makina akale a Nintendo, imanyamula kodi yeniyeni ya gemu ndi nyimbo zonse m'fayilo imodzi, koma ilibe malo a mayina kapena kutalika kwa nyimbo iliyonse. Gwiritsani NSFe, mtundu wa NSF wokhala ndi malo amenewo, apo ayi ikani m3u pambali pake. Kutulutsa NSF m'gemu kumafuna wodziwa kuwerenga kodi ya 6502, mtundu wa purosesa ya NES, si ntchito yoyambira.

Nanga FLAC ikhalirenji? Mafayilo onse aja amadalira emyuleta, pulogalamu yotsanzira makina akalewo, kuti amveke, ndipo emyuleta ndi yoyerekeza chabe. YM2612 yoyambirira ili ndi kakukanda kake pa mawu otsika, kamene kanachepa mu YM3438 ya makina apambuyo. Pa Commodore 64, chip ya SID 6581 ndi ya 8580 zimasefa mawu mosiyana kwambiri. Amene akufuna kumva makina enieniwo alibe kuchitira mwina koma kujambula. Pa Mega Drive yoyamba tengani mawu pabowo la mahedifoni, chifukwa lakumbuyo limatulutsa mono. Chizolowezi ndi kuzungulira kawiri, kenaka mawu n'kuzilala kwa masekondi pafupifupi 10. Tchulani mtundu wa makina ndi chojambulira, apo bii palibe angadziwe chimene akumva. Internet Archive imalandira FLAC n'kudzipangira yokha MP3 yomverera pomwepo, koma palibe amene amaunika, ndiye dzina lolakwika limakhala choncho mpaka mutalikonza. MP3 musatumize ngati kope lalikulu; zimene yataya sizibwerera.

Magemu a pa CD okhala ndi nyimbo wamba, monga ambiri a Mega CD ndi PC Engine CD, alibe mkangano: koperani ndi Exact Audio Copy, musunge log (lipoti la kukopako) ndi cue (ndondomeko ya nyimbo za pa CD).

Kwa ife, kumene fomati ya chip ilipo ndiyo iyambe, chifukwa emyuleta ikawongoleredwa mawa, fayilo yomweyo imveka bwino koposa lero. FLAC iperekeze pa magemu amene emyuleta ikuwaphonyabe, ndipo zonse zikhale ndi manambala ndi mayina ofanana, 01 ya uku ikhale 01 ya uko.