Chimbale cha Funky 4 + 1, "That's the Joint": nyenyezi 4 mwa 5

Ndalama yanga sinapite pachabe. Chimbalechi ndi chachikulu chija cha mainchesi 12, cha galamafoni, cha gulu la rap la Funky 4 + 1, chomwe kampani ya Sugar Hill Records idatulutsa mu 1980. Ndidachigula chakale pa intaneti. Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa cha wogulitsa: adalemba kuti chili bwinobwino, koma chikuto chidafika chitang'ambika pangodya, ndipo singano ikangotera pamayamba kuthetheka pang'ono. Nditachipukuta ndi kansalu kofewa phokosolo lidachepa, ndipo sichidumpha.

Koma nyimboyo, abale! Imatenga pafupifupi mphindi 9 ndipo sutopa nayo. Kumbuyo kukuimba bandi yeniyeni ya ku Sugar Hill, malipenga akuthwa, besi ikugunda mpaka pachifuwa, potsata kayimbidwe ka "Rescue Me" ya gulu la A Taste of Honey. Anthu asanu akulandizana mawu mwaluso lodabwitsa. Wina ayamba mzere, mnzake aumaliza, kenako onse alowa pamodzi ngati amayi akusinja mumtondo umodzi, minsi osagundana. Mukamvera pa foni zimenezi zimasokonekera, koma pa masipika abwino mumamva bwino yemwe walowa ndi yemwe wapumira.

Amunawo ndi K.K. Rockwell, Keith Keith, Lil' Rodney C ndi Jazzy Jeff (osati uja ankaimba ndi Will Smith ayi). "Mmodzi" wowonjezerayo ndi Sha-Rock, mtsikana wa ku Bronx, mumzinda wa New York, yemwe ambiri amamutenga ngati mkazi woyamba kutchuka pa rap. Iyeyu ndiye adandichititsa kugula chimbalechi. Safuula, sathamanga, mawu ake amatuluka mwaphee, koma akalowa khutu limapita kwa iye basi.

Chimandiwawa n'chakuti gululi lidaiwalika msanga chonsecho njira adalambula ndi iwo. Mu February 1981, Debbie Harry wa gulu la Blondie adawaitana ku pulogalamu ya pa kanema ya Saturday Night Live, ndipo adakhala gulu loyamba la hip-hop kuoneka pa kanema wofika dziko lonse la America. Chikhalirecho sadatulutse ngakhale abamu imodzi yathunthu. Zinthu sizidayende bwino pakati pawo ndi kampani ya Sugar Hill, gulu nkubalalika. Rockwell ndi Rodney C adapanga Double Trouble, omwe adaoneka mufilimu ya Wild Style, pomwe Sha-Rock adakaoneka mufilimu ya Beat Street ya 1984 ndi gulu la atsikana la Us Girls. Anzawo a Grandmaster Flash ndi Sugarhill Gang mayina awo adatsala pakamwa pa anthu, awa ayi.

Ngati muli ndi galamafoni ndipo mumakonda rap yakale, gulani osazengereza. Kungoti muuzeni wogulitsa akutumizireni kaye zithunzi za mbali zonse ziwiri, zojambulidwa powala. Ine tsopano ndikusakasaka nyimbo yawo yoyamba, "Rappin' and Rocking the House", ya ku Enjoy Records ya 1979. Amene ali nayo ndipo akufuna kugulitsa, andiuze mtengo.