Konekita zofinya kapena kuwotcherera faiba: zimene ndaona kuno ku Chigwa cha Shire

Anzanga angapo omwe timayala nawo makebulo a intaneti m'maofesi ndi m'malo ogona alendo pakati pa Chikwawa ndi Nsanje akhala akundifunsa ngati ndi bwino kugula konekita zofinya, zimene munthu amangoveka kumapeto kwa faiba (kaulusi ka galasi kodutsa kuwala m'kebulo ya intaneti) n'kupana ndi chida, kapena kupirira n'kusonkha ndalama za makina owotcherera. Ndayankha pafoni kambirimbiri, choncho ndaganiza zolemba kamodzi, ndipo ndinene poyera kuti konekita zofinya zinandichititsapo manyazi pamaso pa kasitomala, kotero chigamulo changa chili ndi kakhwinya kake.

Njira yachikale yomata ndi guluu n'kukwecha kumapeto kwa konekita ndi timapepala tosalazira sindichedwa nayo. Imalimba, koma imafuna kauvuni, maikulosikopu ndi chipinda chopanda fumbi, ndipo aliyense amene anagwirapo ntchito ku Ngabu m'mwezi wa October amadziwa kuti chipinda choterocho kulibe. Komanso konekita yobiriwira ya APC, yomwe nkhope yake imapendekeka ndi madigiri 8, ndi yovuta kukwecha pamanja.

Konekita zofinya zimene zafala masiku ano zimabwera ndi kachidutswa ka faiba kosalazidwa kale kufakitale, ndipo mkati mwake muli kadontho ka jelo kothandiza kuwala kudutsa pamene galasi lanu lakumana ndi kachidutswako. Ntchito yanu ndi kusenda kebulo, kupukuta galasi ndi spiriti ya isopropyl, kulidula ndi kliva (chida chodulira galasi la faiba), kulilowetsa mpaka ligunde, kenako kufinya kamphete kuti kagwire chikopa cha kebulo pamodzi ndi ulusi wachikasu wa Kevlar. Munthu wozolowera amatha mphindi zochepa chabe, ndipo sipafunika magetsi. Ubwino umenewu ndi weniweni, ndipo ndinauyamikira kwambiri namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, pamene kuchajitsa chida chilichonse inali nkhani ya mwayi.

Koma wogulitsa sakuuzani za kliva. Galasi la faiba ndi lalikulu ma maikiloni 125, ndipo mtima wake wodutsa kuwala m'faiba ya mtundu wotchedwa single-mode ndi wa ma maikiloni 9 okha, ocheperatu kuyerekeza ndi tsitsi la munthu. Ngati podulapo papendekeka kuposa digiri imodzi, kapena patsala kamlomo kosongoka, magalasi awiriwo sakhudzana bwino, ndipo jelo amangobisa vutolo kwa kanthawi. Ine ndinagula thumba la konekita za mtundu wa SC pa sitolo ina ku Limbe, ndipo anandipatsa kliva ndi chofinyira ngati banyira. Ndinasangalala ndikutsika Thabwa, ndikuwerengera m'mutu phindu lomwe ndipange.

Ndinaziveka pa malo ena ogona alendo kufupi ndi Nchalo m'mwezi wa August. Nditayatsa katochi kofiira koyesera, kuwala kunatuluka mbali inayo, intaneti inayenda, ndinalandira malipiro anga ndipo tinatsanzikana bwinobwino. Kabokosi kolumikizira kanali pakhoma la kunja, pansi pa malata. Pofika November, nyengo imene kutentha kuno kumadutsa madigiri 40, bambo a pamalopo anayamba kuimba foni kuti kanyale kofiira kakuphethira pa rauta masana, koma usiku zonse zikumayenda. Ulendo woyamba ndinapukuta konekita n'kubwerera. Ulendo wachiwiri ndinakayikira a kampani ya intaneti, zomwe ndimachita nazo manyazi mpaka lero. Ulendo wachitatu ndi pamene ndinakoka kebulo pang'ono ndi zala ziwiri, ndipo inasolokera m'manja mwanga, ulusi wa Kevlar uli lendelende, osagwidwa ndi kamphete ngakhale pang'ono. Mano a chofinyira cha banyira chija sanali a saizi ya mphete za konekitazo, choncho chinangokanda pamwamba osapana. Kebulo ikamatambasuka ndi kutentha kwa masana n'kubwerera usiku, galasi linkasuntha pang'onopang'ono mkati mpaka panatseguka kampata. Nditayang'ana podula pa konekita zina, ndinapeza kuti kliva uja ankathyola galasi m'malo molidula.

Mafuta a njinga yamoto a maulendo atatu, masiku atatu otayika, ndi kasitomala amene anasiya kunditcha amisiri n'kuyamba kunditcha achimwene a mawaya, zonsezi zinaposa kutali mtengo wa thumba lija. Apa ndi pamene pagona chinyengo cha kutchipa kwa njirayi. Kuti konekita yofinya igwire ntchito moyenera pamafunika kliva wabwino, ndipo kliva wabwino ndi wodula kuposa konekita zonse zomwe mungaveke pa ntchito zingapo. Pamafunikanso chofinyira chopangidwira mtundu womwewo wa konekita, ndi mita yoyezera mphamvu ya kuwala, chifukwa katochi kofiira kamangokuuzani kuti kuwala kukudutsa, osati kuchuluka kwa komwe kwatayika.

Kuwotcherera kumatanthauza kugula kachingwe kafupi kokhala ndi konekita yopangidwa kale kufakitale, kamene timati pigtail, n'kukalumikiza ku kebulo ndi makina osungunula magalasi awiriwo kukhala limodzi. Mfundo yowotcherera bwino imataya kuwala kosakwana 0.1 dB (dB ndi mlingo woyezera kuwala kotayika), pamene muyezo wa makebulo wotchedwa TIA-568 umalola mpaka 0.75 dB pa konekita ziwiri zolumikizana. Kusiyanaku kumaoneka kochepa papepala, koma pa netiweki ya GPON (yogawira intaneti ya faiba imodzi kwa anthu ambiri) yomwe malire ake a kuwala kotayika ndi 28 dB, chogawira kuwala kwa anthu 32 chimadya kale pafupifupi 17 dB, ndiye kotsalako sikoseweretsa. Mulibe jelo woti aipe, mulibenso choti chisunthe, popeza mfundoyo imatsekeredwa m'kachubu kolimba kokhala ndi kachitsulo mkati.

Kuipa kwake ndi mtengo basi, pamodzi ndi chisamaliro. Makina a Fujikura kapena Sumitomo ambiri a ife sitingawakwanitse patokha, batire limafuna kuchajidwa, timisomali totulutsa moto timatha, ndipo kanjere kamodzi ka fumbi m'timizere togonekamo galasi kamakanitsa makina onse. Ife tinasonkherana atatu n'kugula makina otsika mtengo omwe timasinthana, ndipo amasungidwa m'bokosi lake nthawi zonse.

Pa liwiro zofinya zapambana. Pa mitundu, samalani kuti konekita yobiriwira ija isalowe m'malo a yabuluu, ya nkhope yosapendekeka, chifukwa nkhope zake sizigwirizana ndipo zimawonongana, kaya mwafinya kaya mwawotcherera.

Choncho wondifunsa ndimamuuza kuti chilichonse chokhala panja, pansi pa malata, kapena kutali kumene kubwererako kungadye tsiku lathunthu, monga ku Bangula kapena ku East Bank nyengo ya mvula, chiwotchereredwe. Konekita zofinya ndimasungabe zisanu m'chikwama, zogwirizana ndi chofinyira chake, za tsiku limene kebulo yadulidwa ndi khasu ndipo makina ali kwa mnzanga ku Nsanje, koma ndikaziveka ndimalemba tsiku pa kabokosi kuti ndidzabwere kudzawotcherera.